Mbeta ya pa Wailesi

Agogo ake a Maness anaikidwa m'manda Loweruka. Loweruka lomwelo ndi limene amalume ake a mlaliki Gilibati wa ku Mitundu amayenera kubwera kudzafunsira Maness mbeta. Maness anaimba foni Lachisanu m'mawa kuti zonse ziime kaye.

"Ndibwere kumaliro?" anafunsa Gilibati.

"Ayi. Simungalowere pakhomo pathu koyamba ndi misozi. Mudikire tisese."

"Ndidikira," anatero Gilibati.

Lamulungu m'mawa amayi ankasesa phulusa pabwalo la siwa, m'mudzi wa kuseri kwa msika wa Nathenje. Amuna anakhala pansi pa mtengo wa mango kudikira tiyi. Lydia, mng'ono wake wa Maness, anakoleka foni pa mpanda wa udzu n'kutsegula wailesi, poti mayi awo sankaphonya pulogalamu ya Mame a M'mawa ngakhale zitavuta bwanji.

Nyimbo yotsegulira anaimba Dorica monga mwa masiku onse. Dorica anali wa ku Nathenje komweko, kutsidya kwa msewu wa tala, ndipo anakhala akuimbira mlalikiyo kwa zaka zambiri. Nyimbo itatha, kunamveka mawu a Gilibati.

"Okondedwa omvera, m'mawa uno ndadzuka ndi chimwemwe. Mukudziwa kuti chimwalirire mayi a kunyumba ndakhala ndikudzichapira ndekha. Koma dzulo, dzulo lomweli, amalume anga anakagogoda pakhomo lina ku Nathenje, ndipo makolo awatsegulira ndi manja awiri. Aleluya! Dzina ndisunge kaye. Koma inu a ku Nathenje, kuyambira lero ndinu apongozi anga."

Mayi wina wa mudzi woyandikana anayamba kululutira, kenako anakumbukira pamene anali n'kudzitseka pakamwa ndi chitenje. Tsache linaima m'manja mwa Maness.

"Asisi," ananong'ona Lydia, "dzulo ife tinali kumanda. Kapena ndinagona ine pamene amagogodapo?"

Maness anatsamiritsa tsache pa mpanda. Anayang'ana mayi ake, mayi ake nawo anamuyang'ana. Kumtengo wa mango kuja, amalume ake, a Mathews, anali ataika kapu pansi.

* * *

"Maness, tabwera kuno," anaitana a Mathews.

Anakagwada chapatali pang'ono. Amuna ena aja anayang'ana kumbali, koma makutu anawasiya pomwepo.

"Mlaliki wako uja ndi yemweyu wa pa wailesiyu?"

"Ndi omwewo, amalume."

"Ine dzulo ndinalandira munthu?"

"Ayi."

"Ine dzulo ndimaika mayi anga. Nanga makolo amene amutsegulirawo ndi ati? Uli ndi amalume ena amene ine sindiwadziwa?"

"Sindikumvetsa nanenso, amalume."

A Mathews sanali munthu wokweza mawu. Anatola kapu yawo, n'kuiyang'ana m'kati.

"Pali ziwiri. Mwina munthuyu ndi wabodza, mwina wafunsira kwina. Usankhe wekha chimene chikukukomera. Ine zonse ziwiri sindizifuna pakhomo pano. Ngati ali ndi chachitatu, akanenere pomwe wanenera izi, Lamulungu likubwerali, dziko lonse limve. Apo ayi, asadzatume munthu kwa ine."

* * *

Foni ya Gilibati inali yozima. Maness anadziwa kuti ali ku tchalitchi, komabe anaimba mobwerezabwereza. Analemba uthenga, n'kufufuta. Analembanso wina wa mawu awiri okha: "Makolo ati?"

Masana Lydia anamupeza kuseri kwa nkhokwe.

"Ndikuonetseni kapena ndikusiyeni mudye kaye?"

"Tandionetsa."

Dorica anali ataika chithunzi pa WhatsApp. Anaima pakhonde la kwawo, dzanja m'chiuno, atavala chitenje chobiriwira cha maluwa achikasu. Pansi pake analemba kuti: "Yehova wandikumbukira."

Maness anachiyang'anitsitsa chitenjecho. Anachisankha yekha pa msika wa Mitundu, tsiku limene Gilibati anati amuthandize kugula chikole. Gilibati ankafuna cha zithunzi za nkhunda, iye n'kukana kuti chimenecho n'cha amayi a Chigwirizano a ku tchalitchi.

"Mwina zangofanana," anatero.

"Eee, zangofanana," anatero Lydia. "Wailesi yangofanana, Nathenje yangofanana, chitenje changofanana. Asisi, inu mukadzamwalira adzalemba pamanda kuti zinangofanana."

"Choka apa."

Dzuwa litapendeka uthenga wa Gilibati unalowa. "Ndalakwitsa kwambiri. Usakwiye. Bwera mawa ku Mitundu ndikufotokozere, za pafoni sizimveka."

Maness anawerenga kangapo. Walakwitsa kulengeza? Walakwitsa kufunsira Dorica? Kapena walakwitsa kumukonda iyeyo poyamba pomwe? Uthengawo unkalola zonse.

* * *

Lolemba anakwera kabaza wa njinga yamoto, kudzera msewu wafumbi. Anafika ku Mitundu nsidze zitayera. Gilibati anali pakhonde la nyumba yake kuseri kwa tchalitchi, atakonza mipando iwiri poonekera, monga ankachitira nthawi zonse kuopa pakamwa pa anthu. Munthu amene pa wailesi ankagwedeza masipika, pamaso pa Maness mawu ankamuthawa.

"Pepa za maliro," anayamba.

"Zikomo. Makolo ati?"

Gilibati anapukuta thukuta pamphumi.

"Maness, pulogalamu ija sindilankhula Lamulungu. Timajambula Lachitatu."

"Lachitatu bwanji? Mumati 'm'mawa uno'."

"Ndi momwe timachitira. Situdiyo ndi imodzi, alaliki ndife ambiri. Lachitatu lapitali agogo anali moyo, zonse zinali m'malo mwake. Ndinawerengera kuti ikamadzaulutsidwa Lamulungu, amalume adzakhala atafika kale Loweruka. Ndinafuna ndikusangalatse. Maliro atachitika, mutu wanga unali kwa iwe. Zoti ndinajambula mawu amenewo ndinakumbukira ndikumanga tayi, nditawamva pa wailesi ya anansi."

Maness anatsamira pampando. Mtima unayamba kutsika, koma china chinakwera m'malo mwake.

"Ndiye mukamati 'gwirani wailesi yanu tsopano lino, ndikukupemphererani', mumakhala muli kuti?"

"Zimatengera."

"Mayi anga amaika wailesi pa bondo lawo lotupa lija. Amatseka maso. Inu mumakhala muli kuti?"

"Nthawi zambiri ndimakhala ndikusamba," anatero Gilibati motsitsa mawu. "Koma pemphero silivunda, Maness. Mulungu alibe Lachitatu."

Maness anafuna kuseka, anafunanso kulira. Sanachite chilichonse mwa ziwirizo.

"Amalume akuti mukanene zoona pa wailesi pomwepo Lamulungu likubwerali. Apo ayi, musadzatume munthu."

"Ndikanene kuti timajambuliratu? Anthu a ku Malingunde, a ku Likuni, onse amene amadzuka m'mamawa kugwira mawailesi aja? Adzati ndakhala ndikuwanamiza zaka zonsezi."

"Nanga ine adzati chiyani? Dzulo pa siwa amayi amandiyang'ana ngati nkhuku yonyowa."

"Ndinena," anatero Gilibati. "Ndipeza kanenedwe kake."

Maness anatulutsa foni n'kumuonetsa chithunzi cha Dorica.

"Nanga ichi?"

Gilibati anasuzumira, n'kukwinya nkhope.

"Dorica amaika mavesi tsiku lililonse. Mwina wangomva wailesi n'kudziganizira zake."

"Sindikunena vesi. Chitenjecho."

"Zitenje zimafanana. Chako chili ku Malingunde. Ndinachisiya kwa amalume a Yotamu tsiku limene ndinakawapempha kuti akandiyimire."

"Munawauza kuti asabwere Loweruka?"

"Foni yawo simagwira, kwawo n'kumunsi kwa phiri. Ndinawatumizira uthenga."

"Anayankha?"

Gilibati anatsegula pakamwa, koma asanayankhe belu la njinga linalira kuchipata.

* * *

Analowa bambo wachikulire, wamfupi, wovala jekete lalikulu, miyendo ya buluku ataimanga ndi mphira. Anatsamiritsa njinga pa mtengo wa papaya n'kutambasula manja.

"Giliba! Mwana wa mlongo wanga! Ntchito ndagwira, ndipatse madzi."

"Amalume," anatero Gilibati akuimirira. "Ntchito yanji?"

"Ukufunsa? Iwe ndi mwana woipa. Unati ukandidikira pa siteji ya Nathenje undilondolere njira. Ndinaima pamenepo mpaka dzuwa kundiwotcha pa dazi. Ndinati ine Yotamu sindibwerera ndi chikole m'thumba ngati wakuba. Pakamwa ndi pomwe pali njira."

"Simunaone uthenga wanga?"

"Za mauthenga ine? Magalasi anga inaswa ndi mbuzi chaka chatha."

A Yotamu anakhala pa mpando wa Gilibati, n'kumwa madzi kapu yonse. Maness anali atatsika pampando wake n'kukhala pansi, m'mphepete mwa khonde.

"Ndinaitana anyamata a kabaza. Ndati, ana inu, kwawo kwa mkazi wa mlaliki Gilibati ndi kuti? Onse pamodzi, 'Tikumudziwa, madala! Timawaona limodzi pa Facebook!' Anachita kulimbirana kundinyamula. Anakanditula pakhomo penipeni."

"Pakhomo pa ndani?" Mawu a Gilibati anatuluka opyapyala.

"Anthu abwino, Giliba! Anadabwa pang'ono poyamba, ndinaona kuti mwanayo sanawakonzekeretse. Koma anandiyalira mkeka, anaitana mwini mbumba. Ndati tambala wathu wa ku Mitundu waona msoti pakhomo pano. Anaitana mtsikanayo n'kumufunsa, 'Gilibati ukumudziwa?' Iye n'kugwetsa nkhope, 'Ndikuwadziwa.' 'Tilandire?' 'Landirani.' Basi! Anandiphera nkhuku. Pobwera anandiimbira nyimbo yako ya pa wailesi ija. Mawu ngati belu!"

"Amalume, dzina lake ndinakuuzani. Ndinati Maness."

"Unandiuza ungandiuze, koma maina a atsikana a masiku ano ndani angasunge? Komanso mbeta sufunsira ngati ukuitana dzina ku sikelo ya ana. Dzulo ndakumva ndekha pa wailesi ukuthokoza. Ndati mwanayu nkhani yamufika msanga."

Apa m'pamene a Yotamu anatembenuka n'kuona Maness.

"Pepani mayi, sindinakupatseni moni. Mwabwera kudzapemphereredwa? Mudikire pang'ono, tili ndi nkhani ya banja."

Maness anadzutsa mutu. Anayang'ana Gilibati. Gilibati anayang'ana papaya.

"Amalume," anatero potsiriza, "awa ndi a Maness."

A Yotamu anayang'ana Maness kuyambira kumpango mpaka kumapazi afumbi. Anayang'ananso mphwawo.

"Nanga uja ndani?"

"Dorica. Woimba wa pulogalamu."

"Ali awiri?"

"Ndi mmodzi, amalume. Ndi awa."

Mkuluyo anavula chipewa, n'kukanda dazi, n'kuchivalanso.

"Mayi, mundikhululukire, inu mulibe mlandu. Koma iwe Giliba, undimvetse. Ine ndakhala pa mkeka wa eni ake. Ndadya nkhuku yawo. Ndagwirana chanza ndi mwini mbumba anthu akuona. Ukufuna ndibwerere ndikati chiyani? Kuti bwezani chitenje, ndinasochera? Ndine mwana ine? Mkazi wanga ndinamufunsira kamodzi, azibale ako onse ndinawafunsirira kamodzi kamodzi. Yotamu sabweza malovu."

"Koma si amene ndikumufuna!"

"Nanga anavomera bwanji? Mtsikana savomera munthu amene sanamulonjezepo kanthu. Ndipo iwe walengeza dziko lonse likumva. Mapanga awiri avumbwitsa, mwana wa mlongo wanga."

Maness anaimirira n'kukonza chitenje chake.

"Maness, dikira," anatero Gilibati, akumutsatira mpaka kuchipata. "Wamva wekha. Sindinatume munthu kwa Dorica."

"Ndamva. Funso la amalume anu ndalimvanso. Anavomera bwanji?"

"Sindikudziwa."

"Simunamulonjezepo kanthu?"

"Ayi. Kungoti..." Anayang'ana kumbali. "Mayi a kunyumba atangomwalira, ankandithandiza kwambiri. Mwina ndinanenapo mawu othokoza amene iye anawasunga mwina."

"Mawu otani?"

"Sindikukumbuka bwino."

"Inu mumakumbuka mavesi a m'buku la Habakuku," anatero Maness, n'kuitana kabaza.

* * *

Maness sanapite kunyumba. Anatsikira pa siteji ya Nathenje, n'kuwoloka tala. Anyamata a kabaza anali pamthunzi wa golosale ya a Wahabu, akukambirana za ukwati wa mlaliki, wina akudzitama kuti ndiye ananyamula ankhoswe.

Maness anamupeza Dorica pa mjigo, chitenje chobiriwira chija chili m'chiuno. Dorica atamuona Maness sanathawe, sanasekenso. Anachotsa ndowa pa mpopi n'kuyiika pambali.

"Asisi, pepani za maliro."

"Zikomo. Chitenje chakukhala."

"Mwatero?"

"Ndinasankha ndine."

Dorica anachiyang'ana, n'kuchisalaza ndi dzanja lonyowa.

"Muli ndi diso," anatero.

Amayi awiri amene anali pamzere anasiya kukangana za ndowa.

"Dorica, ukudziwa kuti mkulu uja anasochera. Amabwera kwathu."

"Ine ndikudziwa kuti anafika kwathu. Sindinakamutenge pa siteji. Anakhala pa mkeka wathu, anatchula dzina la a Gilibati. Amalume anga anandifunsa ngati ndikuwadziwa. Ndikanati sindikuwadziwa? Ndawaimbira zaka zisanu ndi chimodzi. Ndanyamula masipika pamutu mpaka ku Dzalanyama mvula ikugwa. Atadwala malungo phala ankaphika ndani? Inu munali kuti?"

"Unkadziwa za ine."

"Ndinkamva. Za ine inunso munkamva. Ndinati asankha okha. Loweruka ndinaona nkhoswe pakhomo, Lamulungu ndinamva wailesi. Mukanakhala inu mukanaganiza chiyani?"

Maness anadziwa kuti nayenso akanaganiza zomwezo.

"Pulogalamu ija inajambulidwa Lachitatu," anatero. "Iwe ukudziwa, umakhalapo."

"Ndinalipo. Ndinali chiimire pambali pawo pamene amanena mawu amenewo. Dzina sanatchule. Anangotembenuka n'kundimwetulira."

"Amamwetulira aliyense."

"Mwina." Dorica anadendekera ndowa yake. "Koma ndikufunseni, asisi. Zoti mkuluyo anasochera wakuuzani ndani? Munthu wamkulu, wofunsirira mbumba yonse ya ku Malingunde, angasochere khomo? Kapena pali wina amene anachita manyazi kukuuzani pamaso?"

"Ndamva ndi makutu anga, mkuluyo akufotokoza."

"Ndiye kuti zili bwino. Akabwera okha kudzatenga chitenje chawo, amalume anga alipo. Ine sindivula chifukwa cha mawu a pa mjigo." Anayenda pang'ono, n'kucheuka ndi thupi lonse kuti madzi asatayike. "Lachitatu tikukajambula. Andiimbira posachedwapa kuti ndisachedwe, pali zofunika zoti tikanene kwa omvera."

"Tikanene?"

"Ndi momwe anenera."

* * *

Maness anayenda pang'onopang'ono kubwerera kwawo. Mwina Gilibati anaitana Dorica kuti akamuuze zoona pamaso. Mwina amafuna nyimbo chabe, poti pulogalamu siyamba popanda nyimbo. Mwina. Anaganiza zoti Lachitatu apite yekha ku situdiyoko, akakhale pakona, amve ndi makutu ake dzina limene litatchulidwe. Sakanadikira Lamulungu kuti adzamvere limodzi ndi dziko lonse.

Atafika pa mpanda wa kwawo anaona a Mathews ali pakhonde, akumuyang'ana kuchokera patali. Anaima, n'kulemba uthenga: "Lachitatu ndibwera nawo kojambula."

Yankho silinachedwe.

"Ayi, usabwere. A wailesi akuti omvera aimba mafoni ambiri, akufuna amve mawu a mayi mwiniwakeyo. Ndikonza ndekha. Undikhulupirire."

"Mayi wake uti?" analemba Maness.

Pafoni panaoneka kuti Gilibati wawerenga. Panaoneka kuti akulemba. Anasiya. Anayambanso kulemba, n'kusiyanso.

"Maness," anaitana a Mathews, "wabwera nacho chachitatu chija?"

Maness anagwada pafumbi, foni ili m'manja.

"Ndabwera nacho, amalume," anatero. "Koma ndi choipa kuposa ziwiri zija."